Maliro a aNaphiri

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa ana anga zaka zonsezi. Koma poti anzanga amene ndinaphunzira nawo unamwino akuifalitsabe m'maukwati, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi, ndikuuzirenitu.

Ndisanakhale namwino ndinayamba ndaphunzira zauphunzitsi. Nditatha chaka chimodzi ku koleji mayi anadwala, ndiye ndinabwerera kwathu ku Kasina kukawasamalira. Pamene ankachira, mtima wanga unali utatembenukira ku unamwino. Vuto linali lakuti kusukulu ya anamwino, pa chipatala china cha mishoni, kalasi inali itayamba kale mu Januwale. Apa n'kuti tili mu Juni.

Koma ku koleji kuja tinaphunzirako First Aid ndi za thupi la munthu, ndipo ndinakhoza bwino zedi. Ndinalembera kalata a Sisitere oyang'anira sukuluyo, kupempha kuti andiwerengere maphunziro amenewo, ndilowe m'kalasi yomwe inayamba kaleyo. Akakana, ndiye kuti theka lina la chaka ndili m'munda wa kachewere, azakhali akundisankhira anyamata a m'mudzi mmodzimmodzi. Yankho linabwera lalifupi: ndipite akandione.

Tsikulo ndinavala diresi lofika kumusi kwenikweni kwa mawondo, khadi la chipani m'thumba, pepala la ku koleji m'kati mwa buku la mapemphero. Panjira pepalalo ndinaliyang'ana kasanu kuopa kuti lagwa. Kunali chifunga, kukuzizira kolowa m'mafupa, koma ine thukuta kamukamu.

A Sisitere anali aafupi, a magalasi, osaseka. Anawerenga pepala langa mpaka kumapeto.

"Pepalali likuti munakhoza," anatero. "Koma pepala siligwira wodwala. Tiyeni."

Anandilowetsa m'kachipinda kamdima pang'ono, muli bedi limodzi. Pabedipo munthu atagona, bulangete mpaka m'khosi, duku kumutu, nkhope kukhoma.

"Awa ndi aNaphiri. Muwayeze pulse, kugunda kwa mtima pamkono, muone kapumidwe kawo, kenako muwatembenuze. Ndikubwera, akundifuna ku ofesi."

Anatseka chitseko.

Ndinagwada pambali pa bedi ngati mwana woleredwa bwino.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Zii.

"Pepanitu mayi, ine ndine mlendo, andituma kuti ndikuyezeni."

Zii.

Ndinati mwina ndi tulo ta mankhwala. Tsono kuvundukula munthu wamkulu wosamudziwa, ine sindinaleredwe choncho. Ndinangolowetsa dzanja pansi pa bulangete, maso kumbali, n'kufufuza mpaka ndinagwira mkono.

Kuzizira kwake! Ndinasuntha zala kufuna pulse. Palibe. Ndinayesa kupinda chigongono. Gwa! Ndinayang'anitsitsa bulangete lija kuti mwina likwera n'kutsika. Silinagwedezeke n'komwe.

Ku koleji tinkayezana tokhatokha, tikuseka, ndipo aliyense pulse anali nayo. Palibe tsamba la buku limene linanenapo zoti ungachite wodwala akakuferera pa intavyu. Maganizo anayamba kuthamanga. Anena kuti ndawapha ndine! Ndalowa ndekha, chitseko chotseka, mboni palibe!

Mutu utasokonekera, thupi linangochita zomwe limadziwa. Kwathu munthu akatsirizika iwe uli pomwepo, sukhala chete ngati mfiti. Umadziwitsa anthu. Ndinaika manja kumutu, n'kutsegula kukhosi.

"Mayooo! ANaphiri atisiya! Mayo ineee!"

Sindinadziwe kuti kuseri kwa windo kunali khitchini ya amayi odikirira odwala. Mawu anga asanathe n'komwe, iwo anali atalandira kale.

"Ndani?"

"ANaphiri!"

"ANaphiri ake ati?"

"ANaphiri basi! Mayooo!"

Tsono kuno ku Dedza, mukaitana aNaphiri pamsika amatembenuka amayi khumi. Aliyense pakhitchinipo anali ndi aNaphiri ake m'wodi. Mapoto anasiyidwa pamoto, mithiko pansi. Bambo wina anathamangira kwa mkazi wake, anamupeza akumwa phala, koma anabwererabe kudzalira nawo poti maliro ndi maliro. A katekisiti amene ankadutsa ndi njinga anaitsamiritsa pakhoma, anavula chipewa, n'kuyambitsa pemphero la akufa pakhomo pomwepo.

Ine nditamva kuti anthu andilandira, ndinawonjezera mphamvu.

Chitseko chinatseguka. A Sisitere anaima pakhomo, kumbuyo kwawo atsikana a yunifolomu, kumbuyo kwa atsikanawo khamu lonse la amayi, ena atamanga kale zitenje m'chiuno.

"Chachitika n'chiyani?"

"Sisitere, sindinawachite kanthu! Ndawapeza atauma kale!"

A Sisitere anayenda pang'onopang'ono kukafika pabedi, anagwira bulangete, n'kulikoka lonse kamodzi.

Chidole. Chidole chachikulu cha labala, chophunzirira anamwino, m'mawondo muli zitsulo, milomo yopaka penti.

Pemphero la a katekisiti linathera pakati. Atsikana aja anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mayi wina kumbuyo anapukuta m'maso ndi chitenje n'kufunsa mokwiya:

"Ndiye ife ndiwo zathu zapserera chifukwa cha chimenechi?"

A Sisitere anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ine n'kuti ndikadali chogwada, manja akadali kumutu.

"Pulse?"

"Palibe, Sisitere."

"Kupuma?"

"Palibe."

"Zonsezo mwakhoza. Nanga nkhope munaiyang'ana?"

"Ayi, Sisitere. Ndimaopa mwano."

Anapinda pepala langa la ku koleji bwinobwino n'kundibwezera.

"Mtima muli nawo, mawunso muli nawo. Mubwere mu Januwale, mudzayambire poyambirira."

Ndinalira ulendo wonse wobwerera, ndipo misozi imeneyi inali yeniyeni. Ndinakumba kachewere theka lonse la chaka, ndinakana anyamata atatu a azakhali, ndipo mu Januwale ndinabwerera ndikupemphera kuti anthu aiwala.

Tsiku loyamba a Sisitere anatitengera tonse atsopano m'kachipinda kaja. Anaima pambali pa bedi, nkhope yosaseka ngati kale.

"Atsikana, awa kale anali aNaphiri. Kuyambira mu Juni timawatchula kuti Malemu. Amene ali ndi funso afunse anamfedwa, ndi awo aima kumbuyowo."

Abale anga, musanayambe kulira maliro, yambani mwavundukula bulangete.