Apongozi Sadya Chithunzi

Nsomba ina iliyonse ili ndi dzina laulemu: mlamba, matemba, kapenta. Koma pali ina imene anthu osowa chochita amaitcha basi. Inde, basi, ngati mawu aja timanena zinthu zikatha. Ndikanakhala wanzeru, dzina lokhalo likanandibweza pa geti.

Ndiyambe ndi dimba, poti ndilo linandituma. Apongozi anga amakhala ku Chiparamba, ndipo ali ndi dimba m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa ngakhale mu Okutobala. Maondo atayamba kuwavuta, ananena kuti dimbalo alipereka kwa mmodzi mwa ana awo aakazi awiri, koma ayambe aona kuti mwa akamwini awiriwo wamutu ndani. Ine sindinade nkhawa. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza m'tauni muno, ndipo tsiku lonse ndimalangiza alimi. Mkamwini mnzanga, a Jere, amene anakwatira mng'ono wa mkazi wanga, amagwira ntchito ku bungwe lina la magalimoto oyera aja, ndipo sangasiyanitse mbande ya kabichi ndi ya repu. Mumtima ndinali nditabzala kale tomato mpaka kumalire. (Ndinali nditakololanso, ndagulitsa, ndagula njinga yamoto.)

Loweruka lina apongozi ankabwera kudzapimitsa maso, kenako adzagone kwathu ku Kapata. Mkazi wanga, amake Chisomo, anandinong'oneza kuti nkhani ya dimba ithera pomwepo. Ndiye Lachisanu a Jere anandiimbira.

“Alamu, mawa m'mawa tiyeni ku damu mukaone masewera a anthu otsogola. Amayi asanafike tikhala titabwera.”

Ndinafuna kukana, koma amake Chisomo anandikankha. “Pitani. Amayi amakonda nsomba yaiwisi kuposa nkhuku. Mukabwera nayo yogwira nokha, dimba ndi lathu. Ine ndiwo sindigula.”

Damulo lili pa famu ina kunja kwa tauni, ndipo tinapeza gulu lonse litafika. Abale anga, ndinaona zinthu. Azibambo athunthu, ena a imvi, mimba zili patsogolo, atavala zipewa zobayidwa mbedza ndi malaya a matumba kuyambira pakhosi mpaka pamchombo. Aliyense ndi ndodo zitatu, ngati nsombazo zinamulembera kalata kuti zibwera pa mzere. Kwathu munthu akafuna nsomba amadula bango, amakumba nyongolotsi kuseri kwa bafa, n'kupita. Awa ayi. Awa ali ndi tcheyamani.

A Jere ananditsegulira kabokosi ka nyambo. M'katimo munali nyongolotsi za labala, zofiira, zobiriwira, zina zonyezimira ngati diresi la mkwatibwi. Munali abuluzi a labala, achule a pulasitiki a mbedza kumsana, ndi kachitsulo kena kozungulira kamene ankakatchula mwaulemu kuti sipina. Ndinanunkhiza nyongolotsi imodzi: adyo!

“Nsomba yake imadya adyo?” ndinafunsa.

“Nsomba iyi imaganiza, alamu,” a Jere anayankha, nkhope ili gwa. “Kuti muigwire muyenera kuganiza ngati iyo.”

Ndiye malangizo anayamba kugwa. Wina akuti kukakhala mitambo ponyani yakuda. Wina akuti bodza, yakuda ndi ya madzi a matope, lero ponyani ya mtundu wa chivwende. (Chivwende! Nsomba inachiona kuti chivwende?) Wachitatu akuti ponyani pafupi ndi chitsa chifukwa basi amakonda mthunzi ngati mfumu ya ntchito. Musalankhule mokweza, musaponde mwamphamvu, chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi. Anakangana za kanyongolotsi kamodzi mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, anthu amene ana awo akapeza ziro kusukulu amangoti zimachitika. Tcheyamani, bambo wamfupi wa ndevu zometa mwaluso, ndiye anatseka msonkhano. Anandimangirira chule kuchingwe nati:

“Muzimudumphitsa pang'onopang'ono ngati wavulala. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: mukamva kulemera, musaganize. Kokani!”

Kuponya koyamba ndinagwira mtengo wa mkuyu. Kwachiwiri ndinagwira chipewa cha bambo wina wa ku banki, chimene chinauluka bwino kwambiri kuposa chule. Kwachitatu kagudumu kokulungira chingwe kanalira kuti fwiii, chingwe chonse n'kupiringizana. A Jere anakhala pansi kumasula akupuma mwamphamvu, kenako ananditumiza kutsidya, kuseri kwa bango, kuti ndikaphunzire ndekha kopanda zipewa za anthu.

Kumeneko ndinkangoponya mokwiya, ndikutukwana chule, damu ndi amene anayambitsa zonsezi. Dzuwa linakwera. Ndinaponya pafupi ndi chitsa, ndikudumphitsa kachule kanga, ndipo madzi anaphulika kuti phuu! Ndodo inapindika. Sindinaganize, ndinakoka. Ndinakuwa mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwamva, ndinalowa m'matope ndi nsapato za ku ntchito, mpaka chinthucho chinafika pamtunda. Chinsomba! Kutalika ngati mkono wanga, kukamwa koti chibakera n'kulowa osakhudza m'mbali.

Gulu lonse linathamanga, mimba zikugwedezeka. Amene ankandiyang'ana ngati ntchentche ya mu tiyi tsopano ankandisisita pamsana. Anaipachika pa kasikelo. Anandiphunzitsa kuigwira pa mlomo wam'munsi. Kenako tcheyamani anati mwambo wake, nsomba yoyamba umaipsompsona. Ine, bambo wa ana atatu, amene sindinapsompsonepo mkazi wanga pagulu, ndinatosa milomo. A Jere anajambula, ndipo ndisanapukute pakamwa anali atatumiza kale chithunzicho ku gulu la banja la pa foni.

Foni inalira nthawi yomweyo. Amake Chisomo.

“Atate ake Chisomo! Mwagwira chiyani chimenechi?”

“Basi.”

“Basi chiyani? Ndikufunsa dzina la nsomba.”

“Ndati basi.”

“Iii, mwagwira kansomba kamodzi mwayamba kale kundidula pakamwa? Chabwino. Amayi afika, aona chithunzi, aombera m'manja. Ndikudula tomato. Fulumirani.”

Nditatembenuka ndinapeza onse akundiyang'ana ngati pali mwambo wa maliro. Tcheyamani analoza madzi.

“Tsopano ibwezeni.”

Ndinaseka. Palibe anaseka nane.

“Ndibweze kuti?”

“Kwawo. Ife timagwira n'kubweza. Ikule, idzasangalatsenso wina.”

“Pepani akuluakulu, iyi ikasangalatsa apongozi anga.”

A Jere anandikokera pambali. “Alamu, musandichititse manyazi. Anthu awa ndi mabwana. Kuno sitiwedzera njala, ndi masewera. Mukufuna azinena kuti Jere anabweretsa munthu wa m'mimba?”

Apa ndiye pamene mutu wanga unapita kukamwa tiyi. Ndinayang'ana mabwana aja, amene mphindi zapitazo ndinkawanyoza mumtima, ndipo ndinafuna kuti andione ngati mnzawo. Ndinagwada m'matope, ndinaika nsomba m'madzi ndi manja awiri monga anandiuzira. Inaima kaye pang'ono, ikundiyang'ana ndi diso limodzi, kenako inapukusa mchira n'kundimwaza matope kumaso. Iwo anaomba m'manja. Wa ku banki uja anati ndine njonda yeniyeni, ndipo ine chitsiru ndinamva kukoma.

Pobwerera ndinaganiza zodutsira pa msika wa Kapata, koma nsomba ya kukamwa kotero mungaipeze pa tebulo la ndani? Chithunzi anali ataona kale. Ndiponso a Jere sanandipatse mpata. Anandifikitsa pa geti penipeni akuliza hutala, anandipatsa ndodo ndi kabokosi kaja kuti ndisunge poti tsopano ndine wa m'gulu, n'kunena kuti akukatenga mkazi wawo abweranso.

Apongozi anali pa mphasa pakhonde, atavala chitenje chawo chatsopano cha ku chigwirizano cha amayi a mpingo. Ndinanjuta chapatali monga mwa mwambo, ndodo ili m'manja, chule akulendewera. Tinalonjerana. Dziwani kuti apongozi anga ndi akale: chikwatirire mwana wawo sanandilankhulepo mwachindunji kupitirira moni. Zonse zimadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo.

Amake Chisomo anabwera ndi beseni ndi mpeni, anatenga kabokosi kaja akuganiza kuti nsomba ili m'menemo (chinsomba chonse chija m'kabokosi, koma njala siwerenga masamu), n'kutsegula pamaso pa amayi awo. Anakuwa, kabokosi kanagwa. Abuluzi, achule ndi nyongolotsi zinamwazika pa mphasa, zikunjenjemera ngati zamoyo, fungo la adyo lili guu.

Apongozi anafutukira m'mbuyo. “Afunse bambo awo a Chisomo, nsomba ili kuti?”

“Ndaibweza m'madzi, amayi.”

“Afunse, inali yodwala?”

“Ayi, inali yamphamvu ndithu.”

“Mwini damu anawalanda?”

“Ayi, ndaibweza ndekha. Ndi lamulo lake.”

“Lamulo.” Apongozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana buluzi wofiira amene anagwera pafupi ndi phazi lawo. “Mwana wanga, ine ndakula. Munthu kudzuka m'mamawa, kupita kumadzi ndi abuluzi ndi achule m'bokosi, kugwira nsomba, kuipsompsona pakamwa, n'kuibweza. Ndipo akuti ndi lamulo. Afunse, anawapatsa lamulolo ndi sing'anga wa kuti? Ngati n'chifukwa cha dimba langa, anene, tiitane abusa lero lomwe.”

Ine, amene ndimawerenga mawu m'tchalitchi!

“Amayi, si zimenezo! Izi ndi zidole chabe, nyambo za labala. Taonani ndikuonetseni mmene zimagwirira ntchito.”

Amake Chisomo anandiponyera diso lakuti khalani pansi, koma ine ndinali nditaimirira kale. Ndinamasula chingwe, ndinaponya chule pa simenti ya khonde, n'kuyamba kumudumphitsa monga anandiphunzitsira tcheyamani. Du, du, du, ngati wavulala. Kunena zoona ndinamudumphitsa bwino, kuposa ku damu. Apongozi anayamba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Chule anadumpha kachitatu, kachinayi, n'kukalowa m'mphepete mwa mphasa.

Ndinamva kulemera.

Abale anga, m'mawa wonse anthu akundipompa lamulo limodzi m'mutu. Sindinaganize. Ndinakoka.

Mbedza inali itakola mpendero wa chitenje cha apongozi. Mwamwayi anali ndi diresi m'kati, ndipo anagwira mfundo ndi manja onse awiri, koma kwa kanthawi ndithu ine ndi apongozi anga tinali kukokana chitenje, iwo uko ine kuno, ndodo itapindika bwino lomwe. Ku Chiparamba mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire. Ine ndinawawedza. Amake Chisomo anadula chingwe ndi mpeni wa nsomba uja, ndipo mmene anaugwirira ndinaona kuti chingwecho chinangondiimira.

Tili chomwecho, hutala pa geti. A Jere ndi akazi awo. A Jere anavula chipewa cha mbedza chija, anavala jekete, ndipo anatsika atanyamula beseni lovundikira ndi nsalu yoyera. Ananjuta patali kuposa pamene ndinanjuta ine, anaomba m'manja mofatsa, mkazi wawo n'kuvundukula. Munali nsomba ziwiri zikuluzikulu, zopala kale, kukamwa kuli yasa. Basi.

“Tinati amayi alaweko za m'madzi,” anatero a Jere, mawu ali ofewa ngati a namwino.

Ndinawakokera kuseri kwa galimoto. “Alamu, izi zachokera kuti?”

“Ku damu komwe kuja. Muli kuseri kwa bango, ine ndinali kuseri kwa galimoto, ndikubisa zanga.”

“Nanga lamulo lija? Kugwira n'kubweza?”

Anandiyang'ana mwachisoni chenicheni. “Lamulo lija ndi la pa damu, alamu. Apongozi sadya chithunzi.”

Nsombazo zinaphikidwa ndi tomato wanga, anyezi wanga, mafuta anga, pa mbaula yanga. Ndinadya nawo, ndisaname, ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti zinali zokoma. Apongozi anatafuna mpaka mutu, anasamba m'manja, anayamika Mulungu, kenako anauza ana awo awiri kuti dimba alima ndi wamng'ono, chifukwa mwamuna wake akagwira chinthu amafika nacho kunyumba. Anati dimba silifuna munthu amene angakolole kabichi, kuipsompsona, n'kuibwezera m'nthaka.

Ndinayesa komaliza. Ndinagwada. “Amayi, ndiloleni ndifotokoze. Nsomba imene ija dzina lake...”

Anakweza dzanja. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, apongozi anga anandiyang'ana m'maso n'kundilankhula ine mwini, osadzera mwa wina aliyense.

“Basi.”

Dzina analidziwa.

Dimba lija a Jere sanabzalemo ngakhale phesi limodzi la anyezi. Anaitana anthu, anakumba dziwe, n'kuikamo nsomba zomwe zija, ndipo Loweruka mabwana a zipewa amakaimika magalimoto pamene ndinkati padzakhala tomato wanga. Mwezi watha anandiitana, akuti wachibale salipira pa geti, bola kubweza zimene wagwira. Amake Chisomo anati ndikapita ndisabwerenso. Ndinapita, nditabisa thumba la saka m'jekete, ndikulumbira kuti ulendo uno ikangokola ikathera mu poto. Ndinadumphitsa chule tsiku lonse mpaka phewa kuuma, koma palibe inayandikira.

Tcheyamani akuti ndinalakwitsa mtundu, tsikulo linali la chivwende. Ndaitanitsa kale paketi imodzi.