Zikomo pa Galasi, Bwana Nduna ya Mabasi

Kwa Olemekezeka
Nduna Yoona za Mabasi ndi Zina Zimene Zikubwera,

Bwana,

Pepani kuti ndakuimitsani pa ntchito yanu yolemetsa. Ine ndine wometa tsitsi wa kumapeto kwa msewu wa kuseri kwa fakitale ya sopo, kuja kumene phula linangothera m'njira ngati linakumbukira kuti lasiya mphika pamoto. Sindine munthu woti nkulembera nduna. Ntchito yanga ndi kugwira mitu kunja kokha, zam'kati mwa mitu ndi za inu ophunzira.

Chandilimbitsa mtima ndi bondo la mayi a kunyumba. Iwo amasita zovala kuhotela ina tsidya lina la tauni, ndipo amapita wapansi chifukwa kwathu kuno basi sifika. Bondolo latupa, ndiye masiku ano akumafika mochedwa. Kapitawo wawo wanena kuti akadzachedwanso Lolemba likubwerali, asadzavutike nkuvala yunifomu. Simbi yawoyo ndi imene imatidyetsa, Bwana, poti amuna ambiri a mumsewu mwathu dazi linandilanda kalekale.

Chaka chatha tinakupemphani kuti posankha misewu yoti ilandire mabasi, komanso pogawa ndalama zake, muzichita zinthu poyera. Ife ndi umbuli wathu tinkatanthauza kuti tizimva nawo. Inu, mwa nzeru zanu zakuya, munagwetsa khoma la chipinda cha komiti nkuikapo galasi. Ndiye ndalemba kuti ndithokoze, ndipo ndithokoza mondandalika kuopa kuti chithokozo china chingasowe m'njira, monga zimasowera zinthu zina.

Choyamba, zikomo pa galasi lenilenilo. Ndi loyera mbee, ndipo munalemba munthu woti azilipukuta m'mawa ndi masana. Ndi lochindikala moti mawu satuluka ngakhale limodzi, koma maso athu akhuta. Anthu a mumsewu mwathu anandituma kuti ndizikaonerera m'malo mwawo, ndipo ndimaima panja pamodzi ndi nthumwi za misewu ina, mphuno zili pagalasi. Tsopano tikudziwa bwana amene amavula nsapato kunsi kwa tebulo. Tikudziwa amene amagona maso ali otsegula, ndi amene amabisa mabisiketi m'thumba la jekete akaganiza kuti anzake sakuona. Kale zonsezi zinali zinsinsi za boma.

Chachiwiri, zikomo pa makadi a mapointsi. Msewu uliwonse ukatchulidwa, mamembala amakweza makadi m'mwamba kuti aupatse mapointsi. Makadiwo amayang'ana kwa wapampando, ife timaona kumbuyo kwake, ndipo kumbuyoko nkoyera bwinobwino monga munalonjezera. Mayi wina wogulitsa maambulera, nthumwi ya msewu wa kumanda, anayesa kuzungulira kuti aone kutsogolo, koma mbali inayo kudakali khoma lakale ndi mlonda wake. Mlondayo anamuuza mwaulemu kuti poyera ndi uko kwa galasi, kuno ndi kuseri.

Chachitatu, zikomo pa mapu. Pakhoma pali mapu aakulu a tauni yonse, ndipo misewu yopambana imalembedwa mzere wofiira. Pamwamba pa mapuwo, chakumanja, pali msomali. Pamsomalipo mpamene wapampando amakoloweka jekete lake akangolowa. Msewu wathu, Bwana, uli kunsi kwa jeketelo, chapafupi ndi mkono wamanzere. Sindikudandaula. Misewu ina ikupsa ndi dzuwa pamapupo, wathu uli pamthunzi. Kungoti tsiku lina kunazizira, wapampando sanavule jeketelo, ndipo tinaona kuti kwathu sikunalembedwe kalikonse kupatula mzere wa thukuta.

Chachinayi ndi chachitali, mundipirire. Nditaona kuti kuona kokha sikukutifikitsa kulikonse, ndinatenga alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba. Iwowa anagwira ntchito zaka zambiri kocheka matabwa, kumene makina amalira moti anthu amamvana poyang'anana pakamwa. Amadzitama kuti angathe kuwerenga milomo ya munthu ngakhale ali tsidya la msewu. Anaima pagalasi, manja m'chiuno, nkuyamba kutimasulira.

Cha kumasana, membala wina wonenepa anaweramira kwa mnzake, nkhope ili yachisoni, nkulankhula mawu awiri. Alamu anandigwira mkono nkunena kuti, "Alamu, wanena kuti msewu wathu! Akutimvera chisoni!" Posakhalitsa wapampando mwiniwake anakweza dzanja, nkunena motsindika mawu amene ngakhale ine ndinawawerenga: basi, basi. Alamu analumpha. "Awiri! Atipatsa mabasi awiri!" Mayi wa maambulera uja analira ndi nsanje.

Tinabwerera kwathu ngati ankhondo opambana. Tsiku limenelo ndinameta anthu ulere, ngakhale adazi anakhala pampando kuti asaphonye mwayi. Anthu anayamba kukangana za amene adzakhale kutsogolo. Wosoka nsapato wa pafupi nane anayamba kudandaula kuti bizinesi yake yatha, poti anthu sadzaperepesanso zidendene. Mayi a kunyumba, amene sakhulupirira zinthu msanga, anandiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa ngati ndinamva ndi makutu anga. Ndinayankha kuti boma la masiku ano silimvedwa ndi makutu. M'mawa mwake anakauza kapitawo wawo kuti apirire pang'ono, kuchedwa kwatha, kukubwera mabasi awiri.

Sabata yotsatira kunabwera bambo wina kudzameta ndevu. Pocheza ndinazindikira kuti ndi amene amaperekera zakudya m'chipinda chanu cha galasi chija. Ndinamuthokoza, nkumufotokozera za uthenga wabwino umene tinawerenga. Bamboyo anaseka mpaka ndinachotsa lezala pakhosi pake kuopa mlandu. Anati membala wonenepa uja sananene kuti msewu wathu, ananena kuti msuzi watha. Ndipo wapampando ponena kuti basi, basi, ankauza iyeyo kuti asiye kuthira tiyi, kapu yadzaza. Anawonjeza kuti pa tsiku lonselo, imeneyo ndi nthawi yokhayo imene mawu oti basi anamveka m'chipindamo.

Bwana, ndinachita manyazi, ndipo ndinapsa mtima, koma sindinadziwe kuti ndipsere mtima yani. Alamu akukanabe mpaka lero, akuti milomo sinama, wonama ndi woperekera tiyi. Mlongo wawo sakuwalankhula. Ine akundilankhula, koma mawu ake ndi oti sindingalembe m'kalata yopita kwa nduna.

Chachisanu, ndipo apa ndiye mwatigometsa. Masiku apitawa anyamata anu anabwera nkumanga pokwerera basi kumapeto kwa msewu wathu. Denga lagalasi, m'mbali magalasi, benchi lokha ndi lachitsulo. Pambali anaika chikwangwani choyera cholembedwa kuti ntchito ya mabasi a msewu uno yadya ndalama zokwana, kenako nambala yake anailemba ndi penti yoyera. Ndinaipapasa ndi zala, ndi yaitali ndithu. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti mabasi ayamba kuyenda mumsewu mwathu, ndipo anthu akusangalala.

Mayi a kunyumba anadzuka m'mawa, anavala yunifomu, nkukakhala pabenchi paja. Anadikira mpaka dzuwa linawawotcha kudzera m'denga lanu lokongola. Kenako ananyamuka wapansi, akutsimphina, ndipo tsiku limenelo ndi limene kapitawo anatchula za Lolemba.

Anthu opanda ulemu akuti basiyo kulibe. Ine ndawadzudzula. Wailesi singaname, ndipo ndalama yaitali choncho singagule mphepo. Ndawafotokozera kuti unduna wanu wafika patali pa nkhani yochita zinthu poyera, moti mwagula basi yoyera kuposa galasi, yoti munthu wamba sangaione. N'kutheka kuti imadutsa m'mawa uliwonse, ife tili tcheru kuyang'ana kwina. Wosoka nsapato akuti Lachitatu anamva kamphepo kakumudutsa kumsana, mwina inali yomweyo. Tsopano ana tawaletsa kusewera pamsewu, kuopa kugundidwa ndi chitukuko.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, Bwana, loyenera munthu wamng'ono. Sindikupempha kuti mutsegule windo la chipinda chija, mungazizidwe. Sindikupempha kuti mutembenuze makadi. Ndikungopempha kuti Lolemba m'mawa mubwere nokha mudzatisonyeze pamene pali chitseko cha basiyi, poti inu maso anu anazolowera kuona zimene mwagula. Mudzakwere limodzi ndi mayi a kunyumba, mudzawasiyire mpando wa pawindo, ndipo mukakatsika pahotela mukapereke moni kwa kapitawo wawo.

Zikadzachitika kuti tsikulo basiyo yadzaza, musadzade nkhawa. Njira ya wapansi mayiwa amaidziwa, adzakutsogolerani. Amayenda pang'onopang'ono, amapuma pamlatho, ndipo pachitunda cha pafakitale amafuna phewa loti ayedzamire. Masiku onsewa phewalo lakhala langa. Lolemba tikupempha lanu, ndipo mudzavale nsapato zofewa.

Ine wanu womvera, ngakhale palibe chimene ndamva,

Wometa wa kumapeto kwa phula