Zikomo Bwana, Tsiku la Doris Lapezeka

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Umoyo wa Amayi a M'malire,
Ku ofesi yapamwamba, kulikonse kumene ili.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada polemba kalatayi, ngakhale simukundiona. Ine ndine Petro Sandikonda, wakabaza wa pa Thambani, mwamuna wa malemu Doris. Sukulu ndinalekezera sitandade 7, choncho mukapeza zolakwika mundikhululukire, monga ifenso takhala tikukukhululukirani.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mawu anu a pa wailesi. Munati kafukufuku wanu wapeza kuti khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi a m'malire kuposa a m'tauni, makamaka a mabanja olankhula Chinyungwe ndi Chisena. Ife tinkangoika maliro osadziwa kuti tikutsogola. Munatinso gwero lake ndi "chikhalidwe chawo" komanso madalaivala a mathiraki. Doris ndinakhala naye zaka 19. Ankalima nandolo, ankaimba kwaya, ndipo thiraki anaionera pafupi tsiku limene ndinapita naye ku boma akudwala kale. Koma inu ndinu ophunzira, mwina munkamudziwa bwino kuposa ine.

Chachiwiri, galimoto yanu yoyezera amayi ndi yokongola zedi, makamaka chithunzi cha mayi wosekerera chili m'mbali mwake chija. Tikuyamikira kuti mumaisamala. Imaima pamene tala wathera, kuopa fumbi lathu. Ndamva kuti mayi wina wa ku boma anayezedwa katatu chaka chimodzi. Mulungu amudalitse, ali bwino ndithu.

Chachitatu ndi nkhani ya chiphaso. Doris anabadwira tsidya, kufupi ndi Zobue, ndipo analowa m'dziko muno ali kumbuyo kwa amayi ake nthawi ya nkhondo. Atayamba kutaya magazi osalekeza, ndinamukweza pa njinga mpaka pamalo ena pamene anthu anu ankalemba maina a amayi ofuna kuyezedwa. Kalaliki anamva kalankhulidwe kake, n'kuona dzina la bambo ake lakuti Fernando, basi anatseka buku. Anatiuza mwaulemu kuti anthu a kwawo ali ndi zipatala zawo. Tinawoloka malire. Kumeneko anatiuzanso mwaulemu kuti iye ndi Mmalawi. Maiko awiri anapatsirana mkazi wanga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo palibe amene anatukwana. Ulemu umenewo sitidzauiwala.

Anadzatilandira ndi nesi wina, a Tamara, amene anamulemba osafunsa kwawo. Chonde musawalange, sankadziwa malamulo anu. Atamuyeza anati tachedwa, afunika kukaonedwa ku Blantyre, tidikire foni. Pobwerera, Doris ali pakaliyala, anandigwira malaya n'kunena kuti, "Petro, matendawa polowa sanandifunse chiphaso. Nanga anthuwa akuchifuniranji?" Ndinangopalasa. Yankho ndikulidikira kwa inu.

Tinadikira foniyo miyezi inayi. Ndinkaitchajitsa pa golosale tsiku lililonse, kuopa kuti mungaimbe ili yozima n'kukhumudwa. Doris anauma ngati phesi. Ankagona pakhonde kuti fungo lisavutitse ana m'nyumba, ndipo ndikamamusambitsa ankandipepesa. Anamwalira mu Epulo, nandolo wake asanachite maluwa.

Chachinayi, ndipo apa mpamene ndathokoza kwambiri: foni ija yalira Lachiwiri lapitali. Mayi wa mawu okoma wandiuza kuti Doris wapatsidwa tsiku, pa 14 mwezi wamawa, ndipo afike m'mamawa chifukwa ochedwa salandiridwa. Ndinalonjeza kuti ndimuuza.

Tsono Bwana, pempho langa ndi laling'ono. Doris ali ndi mng'ono wake, Deliwe, mayi wa ana atatu, amene wayamba kutaya magazi mwezi wathawu. Ngati sikukuvutitsani, tsiku la pa 14 limeneli mumupatse iyeyo, popeza mwini wake sadzaligwiritsa ntchito. Koma ngati malamulo salola, tidziwitseni msanga, kuti makasu ndi mafosholo okumbira manda amene tinabwereka ku mpingo tisavutike n'kukabweza.

Ine kapolo wanu wosayenera kuyankhidwa,

Petro Sandikonda
Thambani, Mwanza