Chimbudzi Chofuka Nthunzi

Apongozi anga akayamba kundiyamikira pagulu, ine ndimangoyang'ana pansi. Anthu amati ndine mkamwini waulemu, chifukwa sadziwa chimene chinatsala pang'ono kuchitika.

Mkazi wanga anandiuza kuti amayi ake akubwera kuchokera ku Petauke kudzaonana ndi dokotala chifukwa cha nyamakazi. Unali mwezi wa Juni, mphepo ya ku Kabwe ikulowa m'mafupa. Nyumba yathu ya ku Ngungu ili ndi giza yotenthetsera madzi, koma gizayo ili kutali ndi kubafa. Ukatsegula pompi, umayamba wadzaza ndowa ya madzi ozizira otentha asanafike. Ndinati munthu wamkulu wodwala miyendo asamaime pa simenti kudikira madzi.

Ndinagula kapampu kozungulitsa madzi m'mapaipi kuti otentha azikhala pafupi nthawi zonse. Mkazi wanga anati tiitane wodziwa ntchitoyi. Ndinamukumbutsa kuti geti lathu ndinakonza ndine. (Getilo timachita kulinyamula potsegula, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Ndinamanga pampuyo, n'kulumikiza paipi ya otentha ndi ya ozizira pansi pa sinki ya kubafa. M'bokosi munatsala kachipangizo kena kakuda. Ndinangoti ndi kapadera, ngati batani lija amasokerera m'kati mwa malaya atsopano.

Amayi atafika, madzi otentha ankabwera ukangotsegula. Ndinkayenda m'nyumba ngati mwini mgodi.

Kutacha, mkazi wanga anatuluka ndi mswachi m'kamwa, n'kundiitana ndi dzina la mwana wathu monga amachitira kwawo. "Awisi Misozi, pompi ya ozizira ikutulutsa ofunda."

"Ndi dzuwa, likuwomba thanki," ndinatero.

Anasuzumira pawindo. Kunja kunali chifunga.

Ndinatsitsa moto wa giza, tonse tinasamba madzi onga tiyi woiwalika patebulo. Ndinaukwezanso, mopitirira muyezo. Pampu ndinaigogoda ndi sipanala (musandifunse chimene ndinkayembekezera). Palibe chinasintha.

M'mawa mwake ndinalowa m'chimbudzi. Nditagejemula, nthunzi inafuka ngati ndavundukula poto wa chimanga chachiwisi. Kathanki ka kumbuyo kanali kosagwirika. Ndikuthamangira kukazimitsa pampu, ndinamva chitseko chikutsekedwa kumbuyo kwanga. Amayi alowa.

Mkamwini sagogoda pachimbudzi muli apongozi, ndipo sangawafuulire kuti asakhale pansi. Mkazi wanga anali atapita kumsika. Ndinamuimbira monong'ona: "Anyina Misozi, bwerani manje manje." Kenako ndinangoima chapatali ndi chitsekocho, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Ndinkaona anamwino akundifunsa kuti agogo apsa pati, ndinkaonanso alamu anga onse akukwera basi ku Petauke.

Amayi anakhalitsa. Mwadzidzidzi ndinamva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Atatuluka ankayenda bwinobwino, nkhope ili myaa. Anandipatsa moni n'kudutsa. Ine ndinakhala pansi pomwepo.

Ndinakatenga bokosi lija n'kuwerenga kapepala ka malangizo koyamba. Kachipangizo kakuda kaja ndi kamene kamatseka njira madzi akangotentha, kuti asalowerere m'paipi ya ozizira. Ine ndinali nditawatsegulira msewu wa m'nyumba monse. Ndinakaika pamalo pake, ndipo pofika masana ozizira anali ozizira, otentha anali otentha. Ndinapuma ngati munthu amene khoti lamukhululukira.

Tsiku lotsatira tikudya, amayi anayankhula ndi mwana wawo ine ndili pomwepo, monga amachitira akafuna kuti mawu andifike.

"Uwafunse awisi Misozi ngati ndawalakwira."

"Bwanji, amama?"

"Mpando wa kuja wazizira. Dzulo ndi dzana chiuno changa chinaleka kuwawa. Ndauza kale amayi a chigwirizano kwathu kuti mkamwini wanga amandifunditsira ngakhale kumalo kosatchula."

Mkazi wanga anatsamwa n'kuthamangira kukhitchini (kutsamwako kunamveka ngati kuseka mpaka kumsewu). Ine ndinati, "Ndi vuto la malaiti, amayi. Tiona."

Ndinalumbira kuti sindidzakhudzanso paipi ndisanawerenge malangizo. Koma Juni wayandikiranso, ndipo amayi aimba foni kuti chaka chino abwera ndi anzawo awiri, onse a nyamakazi. Dzulo ndinagwada pansi pa sinki n'kuyamba kuganiza kuti nditachotsa kachipangizo kaja n'kutsitsa moto wa giza pang'ono chabe, mwina zikhoza kutheka.

Mkazi wanga wabisa sipanala.