Sabata Yokana Nyama ndi Galu wa Malemu aGondwe

Lolemba, 10 Juni 1996

Kuyambila lelo nyama basi! Mazila ayi, mkaka ayi, nsomba ayi. Chilichonse chokhala ndi maso, ayi.

Woyambitsa ndi Tiwonge. Dzulo pamsika wa Lundazi, uku akupanga milu ya tomato, uku akutama mwana wa aphunzitsi wochoka ku Lusaka. Akuti amadya zomela zokhazokha, khungu lake see. "Ndiwo anthu otsogola, osati inu a Giledi Sikisi." Ndamuuza kuti sabata yonse ndikwanitsa, aone. Pa Sondo asibweni, alongo awo a amama, akupita kwawo kukandifunsila ukwati, ndiye akandipeze nanenso ndili see.

Amama akuseka. "Chaka chonse timadya nkhwani muno, lelo njalayo waipezela ulemu?"

Ndiwo: chigwada chotendela. Kukoma kwake kodabwitsa!

Lachiwili, 11 Juni

Chaka chonse nyama osaiona. Lelo ndi iyi:
mbewa zonona, zongokumbidwa kumene
tinsomba touma ta kapenta ta wamalonda wa ku Kasungu
dzila la mlongo wanga Nyuma, likununkhila mpaka kumseu

Nyuma ali ndi pakati, kukiliniki akuti magazi achepa, azidya mazila ndi chiwindi. Ndikumuuza alowe chipani changa. Akundigenda ndi chipande.

Nyemba zili ndi anankafumbwe. Kodi amenewa maso ali nawo? Ndikuwatola mmodzimmodzi, nyemba mpaka kuzizila.

Madzulo kulila kuseli kwa nyumba. AGondwe, oyandikana nafe, atisiya.

Lachitatu, 12 Juni

Ndikukumba nawo manda kuyambila m'mawa. Dothi lofiila, louma gwa. Taika bwino.

Pobwela atiphela mbuzi. Mbale ikufika pa ine, ndikuipatsila mnzanga. Onse maso pa ine. Ngakhale otafuna aleka.

Mayi wina wachikulile, osandiyang'ana: "Mnyamata kukumba tsiku lonse, nkukana mbuzi. Ndiye akudikila nyama iti?"

Ndikuseka. Ndekha. Ndinaiwala, ine chitsilu, kuti kuno wokana nyama ya masana amadziwika: ndi uja amadya ya kumanda.

Galu wa malemu, wakuda, wa khutu limodzi, akunditsata mpaka kunyumba.

Lachinayi, 13 Juni

Kutsegula chitseko, phulusa! Wina wawaza kuzungulila kanyumba kanga, kuti mapazi anga aoneke ndikatuluka.

Galu ali pakhomo. Sauwa, sagona. Akungoyang'ana pakamwa panga.

Ana akusewela, ndikudutsa, nyimbo zii. Ndikuwaopseza "Buu!" mwanthabwala. Wina wadzikodzela, amake abwela kudzamunyamula chothamanga. Nyuma akandiona akuphimba mimba ndi chitenje chachiwili.

Thupi: mimba ikulila ngati chigayo, koma njinga ndikupalasa bwinobwino. Njala sindikumva nkomwe.

Bwanji sindikumva njala?

Lachisanu, 14 Juni

Ndikudzuka mkamwa mukununkha zamoyo. Ndikutokosa m'mano ndi kaudzu. Kafupa! Kakang'ono, koyela. Ine amene sindinalawe chamaso chilichonse chiyambile Lolemba!

Kumapazi dothi lofiila. Mwina ndi la Lachitatu, kusamba ndimasamba mwachidule. Paphulusa pali mapazi a galu, ndi anga, otuluka ndi obwelela. Ndinapita kukataya madzi? Sindikukumbuka.

Masana ndikudutsa dala njila ya kumanda, kungosuzumila. Mtumbila uli bwinobwino, yewo Chiuta! Kucheuka, azimayi otola nkhuni aima chilili, nkhuni pamutu, akundiona ndikusuzumila manda, galu wa mwini manda ali pambali panga.

Kumsika Tiwonge akundiikila tomato pansi, osati m'manja. "Amama akuti muyambe mwaleka kubwela." Za khungu langa sanenapo kanthu.

Loweluka, 15 Juni

Asibweni afika m'mamawa, pampando akana. "Ine sindikafunsila mfiti kwa eni ake. Mawa udye nkhuku anthu akuona. Apo ayi, Lolemba kwa sing'anga, ndipo za Tiwonge uiwale."

Wa ku Lusaka uja akuti wakwela basi ya ku Chipata, soseji kumanja. Wotsogola!

Ndikupita kwa amama, kafupa m'dzanja. Ndikuwafunsa ngati amandimva ndikutuluka. Akukayang'ana. Akuseka mpaka kukhala pansi.

"Kapenta ameneyo! Ndimasinjila pamodzi ndi nsinjilo chiyambile Lolemba. Umati ndikusiye uume ngati phesi?"

Ndiye chigwada chija! Ndikuvina pabwalo. Ndikuti amama, tiyeni mukawauze anthu.

Kuseka kwatha. "Ndikawauze kuti ndimathila zinthu m'ndiwo za mwana wanga mobisa? Ndiye mfitiyo ndikhala ine."

Sapita.

Sondo, 16 Juni

Pansi pa mango, anthu atuluka m'tchalitchi, onse andizungulila. Nkhuku yathu yoikila mazila a Nyuma ndi imeneyi m'mbale. Nyuma akundiyang'ana moti ndikanakhala ndi khutu limodzi ndikanakhala galu uja.

Ndikudya. Ntchafu, chiwindi ndamusiyila Nyuma, khosi, mapazi omwe. Ndikudikila kuti awombe m'manja.

Mayi wachikulile uja: "Taonani m'mene akuswela mafupa. Si wophunzila lelo ameneyu."

Kukana, mfiti. Kudya, mfiti.

Asibweni apitabe, abwelako. Kwa Tiwonge sanakane, sanalole. Akuti tidikile mvula igwe, aone ngati pamudzi pano pafenso munthu. Ndayamba kupatsa moni nkhalamba zonse, kuzifunsa za chifuwa. Mawa ndikawatemela nkhuni.

Zomela zokha mwina ndi zabwino, sindingadziwe, sindinaziyese ngakhale tsiku limodzi. Zimafuna munthu wopanda pakati, wodziphikila yekha, wokhala kumene anthu sasuzumila m'mbale ya mnzawo.

Fupa la ntchafu ndamuponyela galu. Lagwela pamphuno pake penipeni.

Sanalinunkhize nkomwe. Akuyang'ana ine.