Amake Sayel ndi Buledi wa M'bini

Amake Sayel ankati akapeza buledi m'bini, ankadziwa dzanja lomwe lamupinda, ndipo ankakamubweza pakhomo pa mwini wake. Musaseke, anzanga, ine zinandionekera, ndipo ndikamakumbukira mtima umandiwirabe. Mayi amenewa anasesa pa sukulu ya atsikana ya kwathu kuno mumzinda wa Zarqa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mumsewu uno mulibe khomo lomwe sanafikepo ndi chithumba chawo cha zotsala.

Tonsefe tinaleredwa kuti buledi sataya. Ukamupeza pansi umamutola, kumupsompsona, n'kumuika pamwamba pa mpanda. Koma iwowo ananyanya, abale! Ana akangobwerera m'kalasi buleki itatha, iwo mutu m'bini, kumangooneka miyendo yokha. Chilichonse kuchitulutsa, kuchinunkhiza, kuchitembenuza uku ndi uku.

"Uyu ndi wa Amake Laith, zokometsera za zaatara zambiri, mafuta kadontho. Kuumira! Uyu wapinda ndi mwamuna. Ehee, mkazi wake wathawiranso kwawo."

Chonyansa n'chakuti zinkakhala zoona.

Ana akaweruka, ulendo unkayambika. Kugogoda mwaulemu sankakudziwa. Ankaima pakati pa msewu, manja m'chiuno, n'kukuwa mpaka a pamwamba penipeni pa nyumba zosanja atsegule mazenera.

"Amake Qusay! Tsikani mudzatenge nyenyezi zanu!"

Amake Qusay ndi mkazi wa mwini sitolo ya mankhwala yapakona paja. Anaonera pa foni kuti mwana amadya bwino buledi akamudula ngati nyenyezi, ndiye m'mawa uliwonse ankakhalira kudula nyenyezi.

"Mayi, chonde tsitsani mawu, anthu akumva!"

"Amve! Nyenyezi ndapeza zitatu. Nanga m'mbali mwake munadulamo muja muli kuti?"

"Ndinapatsa nkhunda."

"Nkhunda zikudya, mwana osadya. Mawa muziveke yunifolomu nkhundazo zipite kusukulu!"

Ngakhale ahedi sankawaopa. Tsiku lina anapeza theka la buledi wa tchizi m'bini ya mu ofesi, pali mlomo wa lipisitiki. Anakaliika pa tebulo pamaso pa alendo oyendera sukulu, n'kuima chilili, tsache m'manja, mpaka ahedi anatafuna n'kumeza.

Ine nthawi yonseyi ndinkaseka nawo, poti kwanga anali asanafike. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Mwana wanga Rimas, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anayamba kuwonda mpaka siketi kumamuvuka. Dokotala anati magazi achepa, adye zopatsa thanzi, apo ayi amugoneka m'chipatala. Ndinachita mantha osaneneka. Maswiti ndi tchipisi ndinaziletseratu m'nyumba. M'mawa uliwonse ndinkamuikira m'kontena buledi wagaga wootcha kuti gwa, karoti wosaphika, mtedza ndi apozi. Masana kontena inkabwera mbee. Ine ndiye kuyenda mapewa m'mwamba, kumalangiza amayi anzanga kumsika ngati namwino, ngakhale siketi ija inali ikuvukabe.

Lachinayi lina, apongozi anga atabwera ndi azilamu anga awiri kudzamwa khofi, ndinangomva dzina langa mumsewu, poti kuno amanditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba.

"Amake Odai! Katundu wanu!"

Ndisanaganize pobisala, anali atakwera kale masitepe. Analowa osadikira kuti lowani, n'kukhuthula thumba pa thireyi ya khofi. Mabuledi asanu, sabata yathunthu poti kuno sukulu imayamba Lamulungu, ndi karoti wake yemwe.

Apongozi anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Si paja umatiuza kuti mwana amamaliza zonse?"

Amake Sayel sanawalabadire. Anatola buledi mmodzi n'kundiika pamphuno. "Taonani apa. Waluma kamodzi, mbali imodzi, n'kusiya. Uyunso chimodzimodzi. Wokhuta saluma n'komwe, wanjala amaluma mpaka pepala. Uyu akufuna kudya koma akulephera. Mwamuyang'ana m'kamwa mwanayu?"

"Kodi inu ndinu dokotala kapena wosesa?"

"Wosesa. Koma wosesa sapatsa mwana njerwa. Buledi uyu mukhoza kumangira mpanda."

Azilamu anga anaseka mpaka kutsamwa.

"Tulukani m'nyumba mwanga! Tulukani, mfiti ya m'bini inu!"

Anatuluka, koma atandiuza kaye kuti mabulediwo ndiwanyike m'msuzi, ndisayerekeze kutaya.

Kalata yodandaula ndinalemba ndine. Inde, ine, ndipo musandiyang'ane choncho, poti ambiri a inu munasaina. Amake Qusay anachita kusaina kawiri. Tinati amanyazitsa makolo, tinati amafalitsa matenda ndi zam'bini, tinati pakamwa pawo pakuononga ana. Bodza lenileni, zamanyazi! Chomwe chinkatiwawa n'chakuti ankationa. Ahedi, omwe anali asanaiwale tchizi uja, sanachedwe. Sabata isanathe anawauza Amake Sayel kuti akalamba, akapume.

M'kamwa mwa mwana sindinayang'anemo. Mwadala. Ndimati ndikayang'ana ndiye kuti wosesa wandiposa. Mukuona uchitsiru wake?

Patapita masiku khumi Rimas anadzuka tsaya litatupa ngati waikamo dzira. Dzino la kumapeto linali litaola mpaka kumuzu, iye kumabisa poopa kuzulidwa. Mwezi wathunthu ine ndikumusenzetsa karoti ndi mtedza, mwana akumva moto m'kamwa! Dokotala atalichotsa, mwanayo anadya mabuledi ofewa atatu opaka chambiko pakamodzi, ine ndili pambali misozi chuchuchu.

Ndinapita kwa Amake Sayel, kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, nditanyamula bokosi la makeke okwera mtengo. Mawu opepesa ndinawakonza njira yonse, koma sanandipatse mpata wotsegula pakamwa.

"Linali dzino la kumanzere?"

"La kumanzere, mayi."

"Ndinadziwa. Akudya?"

"Akudya."

"Basi, nkhani yatha. Makekewo bwererani nawo, ndili ndi shuga. Koma musataye, ndidzamva."

Kwa ahedi ndinapitako katatu kukapempha kuti awabwezere pa ntchito. Ulendo wachitatu anandiuza akuyang'ana foni kuti zosesa anazipereka kale kwa kampani. Ndinauza amayi anzanga kuti tilembe kalata ina. Aliyense anali ndi mphika pamoto, aliyense anali ndi mlendo. Posaina zochotsa munthu munkalimbirana cholembera, inu!

Amake Sayel anamwalira chisanu chathachi, Mulungu awachitire chifundo. Pamaliro tonse osaina aja tinalipo, kulira mokweza kuposa abale awo, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero. Tsopano pasukulu pamabwera amuna awiri ovala magolovesi. Amamanga matumba akuda osasuzumiramo, galimoto n'kunyamula. Masana msewu uli zii, mazenera otseka, ndipo kumsika mayi aliyense akutama mwana wake kuti amamaliza zonse.

Wanga wotsiriza, Jud, wayamba sukulu chaka chino, ndipo ndi wochepa thupi ngati mkulu wake Rimas. Dzulo kontena yake yabwera yoyera ngati yotsuka.

"Wadya?"

"Ndadya, amayi."

"Zonse?"

"Zonse," anatero akuyang'ana pansi.

Ndinamukokera pazenera n'kumutsegula pakamwa. Mano onse abwinobwino. Ndiye kaya wadyadi, kaya wataya, kaya pali china chikumuvuta chomwe akundibisira, ine sindidziwa. Munthu yekhayo amene akanandiuza ndinamuchotsa ntchito ndi dzanja langa lomweli.