Chinkhoswe chimene malume anaonera mphuno zanga

Mpaka lero ndikamadutsa pa siteji ya Luchenza, anyamata a kabaza amandiitana kuti "a Mphuno". Ndimangoyankha, nanga nditani poti ndinaziputa ndekha?

Ine ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, komanso mkamwini. Esinta, mng'ono wa mkazi wanga, anali ndi chinkhoswe. Vuto linali lakuti malume awo, eni mbumba, ali ku Joni ndipo tchuthi anawakaniza. Iwo ananenetsa kuti nkhuku zisasinthanidwe asakuona ndi maso awo.

Apa m'pamene ndinadumphira. Ndinali nditangogula rauta, kabokosi kogawa intaneti, ya bandulo "yopanda malire", mtima uli dyokodyoko. Ndinauza apongozi (kudzera mwa mkazi wanga, paja sitiyang'anana m'maso) kuti kuimba pafoni n'zachikale, laputopu yanga ndiisandutsa seva youlutsira mwambowo, malume aonera ngati pa wailesi ya kanema. Eee, ndinkayenda ngati intaneti ndinayambitsa ndine!

Tsikulo rauta ndinaimangirira mumtengo wa mapeyala, laputopu pa mtondo. Nditatumiza linki, malume anayankha kuti akuona bwinobwino. Nthungululu! Chisangalalo n'chimene chinandipweteka, chifukwa linki ija ndinaiponyanso pagulu la banja la pafoni. Inafika ku Makwasa, inawoloka malire mpaka ku Milanje, aliyense kukoka kanema pa kalaputopu kanga. Sindinkadziwa kuti njira yotsitsira zinthu pa intaneti ndi msewu wa tala, koma yokwezera ndi kanjira ka m'munda wa tiyi.

Chithunzi chinayamba kudukiza. Ndinawerama, nkhope pafupi ndi kamera, kuti ndione chavuta n'chiyani. Nthawi yomweyo kampani ya intaneti inadula. Nditaimbako, mtsikana wa kumeneko anandifotokozera mwaulemu kuti bandulo yapakhomo salola kuyendetsera seva, ndipo kupanda malire kuja n'kotsitsa kokha. Anandifunsa ngati ndinawerenga malamulo awo. (Inu munawerengapo?)

Uku ankhoswe aima padzuwa, wina ndi tambala, wina ndi msoti. Esinta akulira m'chitenje, akuchimuna ayamba kunong'onezana za minibasi. Ine thukuta kamukamu, manyazi osaneneka.

Kenaka kafoni ka mabatani ka apongozi kanalira, iwo n'kukaika poti aliyense amve.

"Ine ndimafuna ndione mwana wa mlongo wanga," anatero malume. "Koma chaima pano ndi mphuno za mkamwini, mpaka m'kati momwe. Sinthanani nkhukuzo, ndazimva kulira."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Esinta yekha sanaseke, ndipo amandikumbutsabe kuti malume amene anamuphunzitsa sukulu sanamuone tsiku lake. Zimenezo zimandiwawa.

Ukwati wake uli pafupi, ndipo ndafufuza kale bandulo ya bizinesi imene imalola seva. Ulendo uno zitheka, ndikulumbira! Kungoti laputopu ija mkazi wanga anakaisungitsa kuchipinda kwa apongozi, malo okhawo m'mudzi muno amene sindingapondeko.